Kusungitsa malo kuhotela kusakhale ngati juga

Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukangolowa, mafoni a anthu mumzinda wa Lilongwe amadzadza ndi zithunzi za mbale zonona. Mahotela ndi malo odyera apamwamba amakhala akuitanira malonda a pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala: nkhuku yootcha, chambo, nyama yambuzi, mpunga wa Kilombero, oimba pambali komanso kamphatso ka mayi aliyense. Pansi pa chithunzi pamakhala mawu akuti malo ndi ochepa, fulumirani kusungitsa anu, kenako nambala ya foni kapena adiresi ya pa intaneti.

Zithunzi zimenezi sizithera ku Area 10, Area 43 kapena Area 47 kokha ayi. Zimafikanso ku Biwi, ku Kawale, ku Chinsapo ndi kwa Mgona. Ndipo kumeneku n'kumene zimagwira mtima kwambiri, chifukwa munthu amene adaleredwa ndi ndalama ya mandasi ndi tomato amalakalaka tsiku limodzi lokha loti mayi ake akhale pansi, asayandikire mbaula, wina awabweretsere chakudya ndi kuwafunsa ngati akhuta.

Taganizirani mnyamata wokonza galimoto pa Biwi Triangle. Wakhala akuponya chipereganyu ndi anzake apagalaja kuyambira mwezi wa Julaye ndipo ulendo wake wolandira waukonzera dala kuti ugwe mu Okutobala. Watumiza uthenga pa WhatsApp kumalo ena odyera a ku City Centre kupempha tebulo la anthu asanu ndi mmodzi. Yankho labwera la liwu limodzi lachizungu lotanthauza kuti tamva. Iye wakhutira. Waitanitsa mayi ake kuchokera ku Mitundu, mkazi wake wasoketsa zitenje zofanana, ana ameta, takisi yalipiridwa. Afika pakhomo nthawi ili 12 koloko masana, ndipo mtsikana wolandira alendo akuvundukula buku uku ndi uku.

"Pepani bambo, dzina lanu silikupezeka. Kodi mudayankhula ndi ndani?"

Iye atulutsa foni kusonyeza uthenga uja. Mtsikanayo auona, apukusa mutu: amene adayankha adali wa shifiti ina ndipo lero sadabwere. Malo adzadza. Mwina adikire panja mpaka 3 koloko. Apo mayi aja, monga achitira anakubala, ayamba kutonthoza mwana wawo: "Mwananga, tiye tizipita, nsima tikaphika kunyumba. Ndaona ndithu kuti umafuna kundisangalatsa."

Palibe amene wabedwa ndalama pankhani imeneyi, komanso palibe amene watukwanidwa. Koma chatayika pamenepa sichigulidwa pamsika. Mkulu wa kampani akabwezedwa pakhomo la hotela amangokhotetsa galimoto kupita kwina, mawa waiwala. Munthu wa ku Biwi amene amapita kumalo otere kamodzi pachaka, mwinanso kamodzi pamoyo wake, akachita manyazi pamaso pa mayi ake ndi ana ake sadzapondakonso. Ndipo akauza galaja yonse, mpingo wonse ndi mzere wonse wa nyumba za lendi.

N'chifukwa chake eni malo odyera apamwamba akuyenera kuleka kuona kusungitsa malo ngati chifundo chimene amachitira kasitomala. Ndi pangano. Wina walonjeza kubwera ndi ndalama, wina walonjeza tebulo. Pangano lopanda umboni ndi nkhambakamwa chabe, ndipo pamene palibe umboni amene amagonja nthawi zonse ndi wochepa mphamvu.

Kunena zoona, vuto nthawi zambiri silikhala nkhanza za ogwira ntchito. Vuto ndi lakuti makomo olowera ndi ambiri pamene buku ndi limodzi, ndipo makomowo sadziwana. Wina waimba foni yapatebulo, wina walemba pa WhatsApp, wina wasiya uthenga pa Facebook, wina wadzaza fomu patsamba la intaneti, pamene wina wangouza weyitala amene amapemphera naye. Zonsezi zimayenera kukathera m'buku lija la chikuto cholimba limene limakhala polandirira alendo. Foni ya WhatsApp ikakhala m'thumba mwa munthu amene waweruka, kapena yathima chifukwa magetsi adazima m'mawa, uthenga umathera momwemo. Fomu ya pa intaneti nayo imakagwera mu imelo imene mwina imatsekulidwa Lolemba, phwando litachitika kale Loweruka.

Ndiye pali masamba ena a pa intaneti okongola mochititsa kaso, zithunzi zoyenda zokha, nyimbo zoziziritsa mtima, koma nambala ya foni yolembedwapo idasiya kugwira ntchito kalekale. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu watha bandulo yake kudikira kuti zithunzi zitseguke, koma chimene amafuna kudziwa, mtengo wa mbale ndi ngati malo alipo, sadachipeze.

Maiko a anzathu adakumana nalo vutoli kale. Mu 1998, mumzinda wa San Francisco ku America, mkulu wina dzina lake Chuck Templeton adayambitsa kampani ya OpenTable yothandiza anthu kusungitsa malo odyera kudzera pa intaneti. Nzeru yake sidali yozizwitsa: adachotsa buku lapepala n'kuika buku limodzi la pakompyuta limene mwini lesitilanti, wolandira alendo ndi kasitomala amaliona nthawi imodzi. Tebulo likatengedwa, latengedwa kwa onse. Bizinesiyo idakula mwakuti mu 2014 kampani ya Priceline idaigula ndi ndalama zokwana madola 2.6 biliyoni. Ku South Africa, kumene kuli abale athu ambiri ogwira ntchito m'makhitchini ndi m'malesitilanti a ku Cape Town ndi Johannesburg, malo odyera ambiri amagwiritsa ntchito njira yofanana nayo yotchedwa Dineplan. Amene adagwirako uweyitala kumeneko angachitire umboni kuti mlendo amalandira uthenga wotsimikiza, ndipo tsiku likayandikira amakumbutsidwa.

Koma pasakhale kutengeka. Kungonyamula njira za ku San Francisco n'kudzazitula ku Lilongwe kungakhale kumanga khomo limene anthu ochepa okha ndi amene angalowepo. Njira zambiri zakunja zimafuna imelo, chizungu chakuya, foni yamakono ndi khadi yakubanki ya Visa kapena Mastercard. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe mudali anthu 989,318, ndipo aliyense woudziwa mzindawu akudziwa kuti unyinji wa anthuwa uli m'malokeshoni, kumene ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ena ali ndi kafoni kamabatani, ndipo banki yawo ndi ejenti wokhala pansi pa ambulera pamphambano.

Chodabwitsa n'chakuti zipangizo zothetsera vutoli zili kale m'manja mwa anthu omwewa. Airtel Money idayamba mu 2012, Mpamba wa TNM n'kutsatira mu 2013. Lero mayi wa ku Biwi amagula mayunitsi a magetsi a ESCOM ali chikhalire pamkeka: adina manambala angapo, ndalama ichoka, uthenga ubwera ndi manambala 20 oti alowetse m'mita. Safunsidwa kuti mudayankhula ndi ndani. Manambalawo ndiwo mboni. Wokwera basi zapamwamba za pakati pa Lilongwe ndi Blantyre naye amalandira tikiti yokhala ndi tsiku, nthawi ndi nambala ya mpando. Nanga chimakanika n'chiyani kuti malo ogulitsa mbale imodzi pamtengo woposa ndiwo za sabata yathunthu ya banja la ku Kawale apereke umboni wonga womwewo?

Chofunika choyamba si tsamba la intaneti lonyezimira. Ndi buku limodzi, ndi uthenga wotsimikiza wopita pafoni iliyonse, ngakhale yamabatani, wokhala ndi nambala imene aliyense wa pashifiti angaipeze. Kaya munthu wadzera pa WhatsApp, kaya waimba, kaya wadzera pa intaneti, mapeto ake akhale amodzi. Ndipo uthengawo uzitha kubwera m'Chichewa. Palibe lamulo lakuti chakudya chikakwera mtengo ndiye kuti chiyankhulo cha eni dziko chikhale panja pa mpanda. Mwana wofuna kufotokoza kuti mayi ake ali ndi matenda a shuga, kapena kuti agogo sangakwere masitepe chifukwa cha nyamakazi, afotokoze m'chiyankhulo chimene sangaphonye nacho mawu.

Nkhani ya mtengo ndiyo imapweteka kuposa zonse. Ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo palibe amene angadzudzule mwini lesitilanti chifukwa chokweza mitengo pamene mafuta ophikira, gasi ndi dizilo wa jenereta zakwera. Chodandaulitsa ndi kusiya mndandanda wa zakudya wakale pa Facebook, munthu n'kuwerengera ndalama zake potengera mitengo imeneyo, kenako n'kukakumana ndi ina patebulo. Enanso amalemba mtengo osanena ngati msonkho wa VAT ndi levi ya zokopa alendo zili momwemo. Sanena ngati chakumwa chili pamtengo womwewo kapena n'chapadera, ngati mwana wa zaka zisanu alipira ngati wamkulu, kapena ngati keke yobwera nayo kuchokera kunyumba ili ndi chindapusa chake.

Kwa munthu wa khadi yakubanki zimenezi n'zazing'ono. Kwa amene wanyamula ndalama yowerengeratu mu envelopu, kusiyana pang'ono kokha ndiye kuti chakudya chonse chimuwawa. Amadya akuwerengera mumtima, kutsinzinira ana kuti asaitanitsenso Fanta, n'kumadzinamiza kuti iye sakumva ludzu. Bilu ikabwera amatuluka panja ngati akukayankha foni pamene akukapempha mnzake kuti amuponyere kangachepe. Mtengo umene munthu wauzidwa tsiku losungitsa malo uzikhala womwewo tsiku lakudya, ndipo ukhale mtengo wonse, wopanda michira. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission komanso la Consumers Association of Malawi, koma si zoona kuti banja lidzichita kukafika kumeneko chifukwa cha nkhomaliro.

Tsono pali chikole, ena amati dipoziti. Anthu ambiri amanyansidwa akauzidwa kuti alipireko theka asadadye, koma pano eni malo odyera ali ndi mfundo, ndipo makasitomala akuyenera kumva kuwawa kwake. Alipo anthu amene amasungitsa malo katatu kosiyanasiyana tsiku limodzi kuti adzasankhe m'mawa mwake, osaimbanso foni kwina kuja. Alipo amene amati tibwera 12 koloko n'kufika 2 koloko akuyembekezera kuti tebulo liwadikira. Alipo amene amasungitsa malo a anthu asanu n'kutulukira khumi ndi awiri, ati alamu ndi ana awo adangofika mwadzidzidzi ndiye sakadawasiya. Kumudzi zimatheka, chifukwa nsima sichepa, amangowonjezera ufa. Kuhotela mpando uliwonse udawerengedwa.

Tebulo likakhala lopanda anthu, wolira si mwini hotela yekha. Chambo chija chidagulidwa kale kuchokera kunyanja, tomato ndi kabichi zidapikulidwa mbandakucha ku Wakawaka, ndipo zimene zaphikidwa sizibwerera mufiriji. Aganyu amene adaitanidwa kudzathandiza patsikulo amabwezedwa msanga, weyitala amene amadalira kangachepe kosiyidwa ndi alendo amabwerera chimanjamanja. Ndipo oweyitala, ophika ndi otsuka mbale amenewa sakhala ku Area 10. Amakwera minibasi kapena kabaza usiku kubwerera ku Biwi, Mchesi, Area 23 ndi Area 25. Munthu wa kulokeshoni akasungitsa malo n'kujomba osanena, amene wamulanda ndiwo ndi mnansi wake yemwe.

Choncho chikole chilibe vuto, bola chikhale ndi malamulo odziwika mbali zonse. Munthu auzidwe asadalipire kuti akasintha maganizo kudakali masiku awiri ndalama yake ibwezedwa yonse kapena ayi. Auzidwenso chimene chingachitike pakagwa maliro, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma ndipo palibe Mmalawi amene angapite kukadya kuhotela kwawo kuli zovuta. Mbali inayo nayo imangidwe: ngati kasitomala walipira chikole, wafika panthawi yake koma tebulo palibe, abwezeredwe ndalama yake pompopompo, osati kumuuza kuti abwere Lachiwiri akaonane ndi akauntanti.

Chinthu china chimene malo aulemu wake sayenera kuchita ndi kuuza kasitomala kuti atumize chikole kunambala ya munthu. Nkhani za akamberembere a pafoni palibe amene sazidziwa. Ngakhale bungwe la MACRA lidalamula mu 2018 kuti nambala zonse za foni zilembetsedwe, mauthenga akuti tumizani kunambala iyi sadathe, ndipo kutsekula tsamba labodza la Facebook lokhala ndi dzina ndi zithunzi za hotela yeniyeni ndi ntchito ya mphindi zochepa. Munthu akazolowetsedwa kuti ngakhale hotela yeniyeni imalandira ndalama kudzera panambala ya wantchito, adzasiyanitsa bwanji tsiku limene wakumana ndi wakuba? Kuyambira 2019 malamulo a Reserve Bank of Malawi amafuna kuti mabizinesi akhale ndi njira yolandirira ndalama pamakina. Ndalama izipita kunambala ya bizinesi, dzina la malowo lizioneka pafoni munthu asadadine nambala yake yachinsinsi, ndipo lisiti izibwera nthawi yomweyo.

Nambala ya foni imene munthu wapereka posungitsa malo nayonso si ya hotela. Waipereka kuti alandire uthenga wa tebulo lake, osati kuti aziponyeredwa malonda usiku ndi usana kapena kuti wantchito wina aziimbira mwana wamkazi wa eni ake. Lamulo la Data Protection Act la 2024 lidabwera kudzateteza zinthu ngati zimenezi.

Komabe phindu lalikulu la nambala yotsimikiza lili pena. Nambala siyang'ana nsapato. Si chinsinsi kuti m'malo ena ulemu umayamba ndi galimoto imene munthu watsikamo. Wotsika pa kabaza amayang'anidwa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, pamene wa Prado amatsekuliridwa chitseko asadanene n'komwe dzina. Ndiye tsiku lodzadza anthu, bwana wodziwika akatulukira osasungitsa malo, tebulo limene limaperekedwa nsembe ndi la munthu amene dzina lake palibe akulidziwa. M'buku lapensulo dzina limafufutika mosavuta. Koma ngati makina akusonyeza kuti tebulo lidatengedwa tsiku lakuti, chikole chidalipiridwa nthawi yakuti, mtsikana wolandira alendo naye amapeza pothawira. Atha kuuza bwana uja mwaulemu kuti pepani, malo adatha, ndipo sindingathe kusintha. Pakadali pano mtsikanayo ndi amene amatsala pakati, kukalipiridwa ndi mbali zonse ziwiri pa zolakwa zimene sadachite.

Izi sizikutanthauza kuti makina alibe zigawenga zake. Ku New York anthu ena adayamba kugwiritsa ntchito mapologalamu a pakompyuta kusesa matebulo onse a m'malesitilanti otchuka n'kumawagulitsanso pamtengo wokwera, mpaka mu Disembala 2024 bwanamkubwa wa chigawocho, Kathy Hochul, adasaina lamulo loletsa kugulitsa malo otere popanda chilolezo cha eni lesitilanti. Kuno nkhani imeneyi si yachilendo kwenikweni: madobadoba amene amazungulira m'maofesi ena kugulitsa malo apamzere angaphunzire msanga ntchito yatsopanoyi. Mankhwala ake ndi osavuta. Tebulo limangiriridwe kudzina ndi nambala ya foni ya amene walipira.

Ena anganene kuti zonsezi n'zodula, kuti ndi mahotela akuluakulu okha ngati Sunbird Capital, Crossroads kapena President Hotel ya ku Umodzi Park amene angakwanitse makina otere. Si zoona. Malo ang'onoang'ono angayambe ndi foni imodzi ya bizinesi imene sichoka polandirira alendo, munthu mmodzi pashifiti iliyonse wodziwika kuti ndiye woyankha mauthenga, ndi lamulo lakuti palibe uthenga wogona osayankhidwa. Achinyamata odziwa zamakompyuta aliponso ambiri, ena amasonkhana ku mHub mu Lilongwe momwemu, ena akutuluka ku MUBAS ndi ku Mzuzu University chaka ndi chaka n'kumasowa ntchito. Kupanga kapologalamu kolumikiza buku la malo odyera ndi Airtel Money, Mpamba ndi uthenga wapafoni si chinthu chowakanika, kungoti palibe amene wawatuma. Sukulu ya Malawi Institute of Tourism, imene imasula ophika ndi olandira alendo, nayo iziona kuyankha uthenga wa kasitomala ngati luso lofanana ndi kuyala tebulo.

Ndipo phindu silingathere pa Tsiku la Anakubala lokha. Mabanja a m'malokeshoni ndi a m'matauni ngati Mponela, Dedza, Salima ndi Mchinji amabwera mumzinda kudzakondwerera mwana amene wamaliza maphunziro akuyunivesite, kudzadya pambuyo pa chinkhoswe, kapena kudzathokoza bambo amene apuma pantchito. Wochokera ku Mponela sangakwere minibasi kudzangoona ngati dzina lake lalembedwadi m'buku. Amadalira foni basi. Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi 14 Febuluwale zimabweranso ndi chipwirikiti chomwecho.

Pamene eni malowa akuganizira, mabanja asamangodikira. Munthu asadatumize tambala iliyonse afunse mtengo wonse pamodzi ndi misonkho, afunse za ana ndi zakumwa, atenge dzina la amene akuyankhula naye, ndipo aumirire kuti zonse zilembedwe mu uthenga umodzi woti ausunge. Kutatsala tsiku limodzi aimbenso. Zikasintha kunyumba, adziwitse malowo msanga kuti tebulo lipite kwa wina. Akaona kuti akuuzidwa zotumiza ndalama kunambala ya munthu, kuli bwino akwere minibasi akalipire yekha pakauntala n'kutenga lisiti.

Mnyamata wa pa Biwi Triangle uja sapempha zambiri. Iye galimoto ya kasitomala ikalowa pagalaja amanena mtengo wa sipeya, mtengo wa ntchito ndi tsiku lodzaitenga, ndipo akaphonya amadziwa kuti kasitomala apita kwa mnzake wa pafupi. Chimene akufuna chaka chamawa, asadaitanitse mayi ake ku Mitundu, ndi uthenga waufupi pafoni yake wonena kuti: tebulo la anthu 6, pa 15 Okutobala, 12 koloko masana, mtengo wonse ndi wakuti, mwalipirako zakuti, tidzakudikirani mphindi 30, nambala yanu ndi iyi.